MFUMU MONGKUT WA KU SIAM NDI NYUMBA YAKE YA PAPHIRI

M'dziko la Thailand, limene makolo ankalitcha Siam, muli mzinda wakale dzina lake Phetchaburi, pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku likulu la Bangkok, kulowera kumwera chakumadzulo. Pambali pa mzindawo pali kaphiri ka mitu itatu, ndipo pamwamba pake payera nyumba zooneka patali ndithu. Eni dziko amakatcha Khao Wang, ndiko kuti phiri la nyumba yachifumu, koma dzina lake laulemu ndi Phra Nakhon Khiri, mzinda wopatulika wa paphiri. Awerengi athu a ku Hewe, amene azolowera kuona mapiri a Nyika atatsamira mitambo, angaseke pakumva kuti phiri lotchukali lingopitirira pang'ono mamita 90 msinkhu wake. Kwathu kuno tikadaliyesa chulu chachikulu chabe. Koma dziko lolizungulira ndi lathyathyathya, la minda ya mpunga kufikira ku nyanja yamchere, kotero kuti ngakhale kaphiri kotere kamalandira mphepo imene chigwa sichiidziwa.

Amene adamanga nyumbazi ndiye Mfumu Mongkut, yachinayi mu mzere wa mafumu a banja la Chakri, ndipo n'chifukwa chake mabuku amamutchanso Rama IV. Sadali Mkhristu, ndipo sadafe Mkhristu. Komabe Eklezia wa ku Thailand amakumbuka dzina lake ndi chiyamiko, ndipo nkoyenera kuti ifenso tidziwe chifukwa chake.

Mongkut adabadwa pa 18 Okutobala 1804. Atate ake adalowa ufumu mu 1809, ndipo popeza amayi ake ndiwo adali mkazi wamkulu, anthu onse ankayembekeza kuti mwanayu ndiye adzalowa m'malo. Mu 1824 adameta mutu navala nsalu yachikasu ya amonke achibuda, monga mwambo wa kumeneko ufunira kuti mnyamata aliyense akhale kanthawi m'nyumba ya amonke. Adapita kukakhala miyezi yowerengeka, nasiya kunyumba mkazi ndi ana awiri. Koma asanathe ndi mwezi womwe, atate ake adamwalira. Akuluakulu a dziko adasonkhana nasankha mkulu wake wa mimba ina, munthu wachikulire amene adazolowera kale ntchito za boma ndi zamalonda, ndiye adakhala Rama III. Mongkut adazindikira kuti mwana wa mfumu wolandidwa mpando sagona tulo tabwino akakhala pafupi ndi mpandowo. Adasankha kukhalabe mmonke, ndipo miyezi yowerengeka ija idasanduka zaka 27.

Zaka zimenezi ndizo zidaumba munthu. Mafumu a ku Siam a masiku amenewo sankaoneka wamba ayi; mfumu ikamadutsa, anthu ankatseka mazenera kapena kugwa chafufumimba, ndipo za dziko lake inkangozimva m'kamwa mwa nduna. Mongkut adaliona dzikolo ndi maso ake. M'bandakucha ankayenda wopanda nsapato, mbale yopemphera chakudya ili m'manja, nalandira mpunga kwa amayi osauka. Dzuwa likapendeka sankadyanso kanthu kufikira m'mawa mwake. Adayenda maulendo aatali m'midzi, namva madandaulo amene anthu sakadayesa kuwanena pamaso pa mwana wa mfumu wovala zagolide. Mu 1833, ali paulendo wa kumpoto, adapeza m'mabwinja a Sukhothai mwala wolembedwa umene mpaka lero Athai amaulemekeza monga chiyambi cha malembedwe awo.

Adaphunzira Chipali, chinenero cha mabuku akale achibuda, mpaka kupambana aphunzitsi ake. Pofananiza zolembedwa m'mabukumo ndi makhalidwe a amonke anzake, adaona kuti ambiri adalekerera malamulo nasakaniza chipembedzo ndi nthano ndi maula. Tsono adayambitsa gulu latsopano la amonke osunga lamulo mosanyengerera, lotchedwa Thammayut, limene lilipobe mpaka lero. Cha mu 1836 adamuika kukhala mkulu wa nyumba ya amonke ya Wat Bowonniwet mu Bangkok.

Koma asanapite kumeneko adakhala zaka zingapo ku nyumba ina ya amonke m'mbali mwa mtsinje wa Chao Phraya, ndipo moyandikana nayo mudali tchalitchi cha Akatolika cha Maria Wosalowa Tchimo Lachibadwa. Wansembe wa pamenepo adali Bambo Jean-Baptiste Pallegoix, Mfalansa wa chipani cha Missions Étrangères de Paris, amene adabadwa mu 1805 nafika ku Siam mu 1830. Anthu awiriwa adali a msinkhu umodzi, ndipo onse adali a njala ya mabuku. Adayamba kuchezerana. Wansembe adaphunzitsa mmonke Chilatini, ndipo mmonke adaphunzitsa wansembe Chipali ndi Chithai chozama cha m'mabuku. Adakambirana za nyenyezi, za maiko a ku Ulaya, za Mulungu ndi za mzimu wa munthu. Adatsutsana kolimba, pakuti Mongkut sadali munthu wobisa maganizo ake: ankayamikira malamulo achikhristu a makhalidwe, koma ziphunzitso za chikhulupiriro sadazivomere konse. Bambo Pallegoix, amene adadzozedwa uepiskopi mu 1838 nakhala mkulu wa Eklezia wa kumvuma kwa Siam mu 1841, sadaleke kulalika zoona zimene adadzera, komanso sadataye bwenzi lake chifukwa choti lakana ubatizo. Chibwenzicho chidakhala zaka ngati 30, ndipo chimodzi mwa zipatso zake ndi buku lalikulu lomasulira mawu a Chithai m'Chilatini, Chifalansa ndi Chingerezi, limene Ambuye Pallegoix adalisindikiza ku Paris mu 1854.

Chingerezi adachiphunzira kwa mbusa wa Chiprotestanti wochokera ku America, dzina lake Jesse Caswell, ndipo malipiro ake adali akuti mbusayo apatsidwe chipinda cholalikiramo pabwalo la amonke pomwepo. Chotero mmonke wa nsalu yachikasu adayamba kuwerenga mabuku a masamu ndi a kayendedwe ka nyenyezi, pamodzi ndi nyuzipepala za ku Singapore ndi Hong Kong. M'menemo adawerenga momwe zombo zankhondo za Angerezi zidagonjetsera dziko lalikulu la China mu 1842. Akuluakulu ambiri a ku Siam sadakhulupirire kuti China ingagonje. Mongkut adakhulupirira, ndipo adasunga phunzirolo mumtima.

Mu 1849 mliri wa kolera udasesa anthu ochuluka mu Bangkok. Pa nthawiyo padabuka kusamvana pakati pa Rama III ndi ansembe ena achikatolika, amene adakana kupereka ziweto zimene mfumu idalamula chifukwa adaona ngati nkulowa nawo m'mwambo wachibuda, ndipo ansembewo adapirikitsidwa m'dziko. Patapita zaka ziwiri Rama III adamwalira, ndipo akuluakulu adapita ku Wat Bowonniwet kukapempha Mongkut kuti avule nsalu yachikasu. Adalowa ufumu mu 1851, ali ndi zaka 46, ndipo sadachedwe kuitanitsa ansembe opirikitsidwa aja kuti abwerere ku nkhosa zawo.

Chaka chotsatira Angerezi adalanda chigawo cha kumwera cha Burma, dziko loyandikana nalo. Tsono pamene Sir John Bowring adafika ku Bangkok mu 1855 kudzafuna pangano la malonda, mfumu idadziwa chimene chidaima kumbuyo kwa mlendoyo. Pangano lidasainidwa mu Epulo chaka chomwecho. Lidali lowawa: msonkho wa katundu wolowa m'dziko sudayenera kupitirira magawo atatu pa 100 alionse, ndipo Mngerezi wolakwira lamulo adayenera kuweruzidwa ndi kazembe wa kwawo, osati ndi bwalo la Siam. Mapangano ofanana nalo adatsatira, ndi America ndi France mu 1856, kenaka ndi maiko enanso, ndipo la Afalansa lidatsimikiza ufulu wa amishoni wa kulalika ndi kumanga matchalitchi ndi sukulu. Alipo olemba mbiri amene amati Mongkut adagonja msanga. Ife tiona kuti adawerenga bwino nyengo. Adatsekulira alendo onse chitseko pamodzi, kuti pasakhale mmodzi woyesa nyumbayo yakeyake, ndipo mwa maiko onse a chigawo chimenecho Siam yekha ndiye sadalamulidwepo ndi Azungu.

Ndipo apa tifika pa nyumba ya paphiri. Ku Siam nyengo yotentha koposa ndi Malichi, Epulo ndi Meyi, monga kwathu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe. Bangkok ndi mzinda wa m'dambo, ndipo masiku amenewo misewu yake idali ngalande za madzi. M'chilimwe mpweya unkaima, madzi nkununkha, matenda nkuyamba. Munthu amene adazolowera kuyenda zaka 27 sakadapirira kutsekeredwa m'malinga chaka chathunthu. Adakonzetsa nyumba yakale ya Mfumu Narai ku Lopburi, adadzutsanso malo achifumu a pa chilumba cha Bang Pa-In, koma nyumba imene adaimanga kuyambira pa maziko monga mwa mtima wake ndi ya ku Phetchaburi. Ntchito idayamba mu 1859, chaka chomwe David Livingstone adafika pa Nyanja ya Malawi, ndipo woyang'anira wamkulu adali nduna yamphamvu Chuang Bunnag. Mu 1860 nyumba zazikulu zidatha.

Yense wofuna kudziwa mtima wa Mongkut ayang'ane momwe adagawira mitu itatu ya phirilo. Pa mutu wa kumvuma adamangapo kachisi wachibuda, wamng'ono koma wokongola, pafupi ndi nsanja yofiira. Pa mutu wa pakati adaimikapo chipilala choyera chooneka ngati belu lovundikira, cha mamita 40, dzina lake Phra That Chom Phet. Pa mutu wa kumadzulo ndipo padakhala nyumba zachifumu: bwalo lolandiriramo alendo lotchedwa Phetphum Phairot, nyumba yogona, makhitchini, makola a akavalo ndi malo a alonda, ndipo m'mbali zinayi mudali malinga aang'ono. Mamangidwe ake ndi osakaniza mwadala. Mizati ndi makhonde ndi zachizungu, matailosi a padenga ndi achitchaina, nsonga za akachisi ndi zachithai. Mlendo wa ku Ulaya wokwera makwerero amenewo ankaona msanga kuti mwini nyumba adziwa za kwawo kwa mlendoyo, nasankhapo zimene wakonda, osataya zake.

Koma chinthu chimene mfumu idachikonda koposa ndi kansanja kozungulira ka denga lagalasi, kotchedwa Ho Chatchawan Wiangchai. M'menemo inkakwera usiku ndi zipangizo zake zoonera zakutali, kukayeza nyenyezi ndi kulemba masamu. Amati nyali ikayaka m'kansanjamo, asodzi a kunyanja ankaiona nalondola nayo njira ya kumudzi. Sitidziwa mafumu ambiri a m'zaka zimenezo, ngakhale a ku Ulaya komwe, amene pomanga nyumba yopumuliramo adayamba aganiza za poonera nyenyezi. Komatu ku Siam sichidali chachilendo kwenikweni, pakuti mu 1685 Mfumu Narai adapenya kadamsana wa mwezi ku Lopburi pamodzi ndi ansembe a chipani cha Ajezuiti ochokera ku France.

Nyumbayi siidali yongogonamo masana. Mfumu ikapita ku Phetchaburi, boma linkapita nayo: alembi, nduna ndi amithenga. Kukhalako kwake kudachititsa kuti mzindawo ulandire misewu ndi mlatho, ndipo anthu a kuchigawocho adaona nkhope ya mfumu yawo, pakuti Mongkut adathetsa mwambo wakale wotseka mazenera, nalola kuti munthu wamba apereke dandaulo lake kwa iye mwini. M'zaka zomwezo adayambitsa nyuzipepala ya boma yolengezeramo malamulo, adaitanitsa makina osulira ndalama zachitsulo, nalambulitsa msewu wa Charoen Krung mu Bangkok. Ankalemba yekha makalata a Chingerezi kwa mafumu ndi atsogoleri a maiko. Mu 1861 adalembera mtsogoleri wa America kuti ali wokonzeka kutumiza njovu zikaswane kumeneko, ndipo Abraham Lincoln adayankha mwaulemu kuti dziko lawo ndi lozizira ndipo akudalira mphamvu ya nthunzi. Chaka chomwecho akazembe ake adalandiridwa ndi Napoleon III ku France, napitanso ku Roma ndi kalata ndi mphatso kwa Papa Pius IX.

Ambuye Pallegoix adamwalira pa 18 Juni 1862. Mfumu idalira bwenzi lake, nilamula kuti maliro a episkopi wachilendoyo alandire ulemu wachifumu, ndipo mtembo udayenda pamtsinje kukaikidwa m'tchalitchi chomwe chija chimene awiriwa adadziwirana. Tiyenera kunena mosabisa kuti Akatolika ku Thailand akali ochepa zedi, osafika ndi mmodzi yemwe pa anthu 100 alionse. Wina angafunse kuti chibwenzi cha zaka 30 chidapindulanji ngati mfumu siidabatizidwe ndipo mtundu sudatembenuke. Koma tiyang'ane ku Vietnam, dziko la pafupi, kumene m'zaka zomwezo Akhristu ankaphedwa miyandamiyanda, ansembe ndi aepiskopi omwe. Ku Siam ansembe ankachita Misa poyera, namanga sukulu ndi matchalitchi. Zimene Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udaphunzitsa mu 1965 za kulemekeza choona ndi choyera chilichonse chopezeka m'zipembedzo zina, episkopi uyu adazichita zaka 100 msonkhanowo usanakhale, popanda kuchepetsako chikhulupiriro chake.

Sitifuna kujambula Mongkut ngati woyera. Atachoka ku umonke adakwatira akazi oposa 30, ndipo ana ake onse pamodzi adafika 82, chinthu chimene Mkhristu sangachiyamikire ngakhale atamva kuti udali mwambo wa mafumu. Ukapolo udalipobe m'masiku ake onse. Anthu wamba ankagwira thangata wa mfumu miyezi ingapo pa chaka, ndipo ntchito zazikulu za boma zinkayenda ndi manja otere. Ife a ku Malawi, amene tidziwa kuwawa kwa liwu limeneli, sitingaone njerwa zokwera phiri osaganiza za mitu imene idazisenza. Adali wamtima wapachala, ndipo mu 1867 adakakamizika kuvomera kuti Afalansa ateteze Cambodia, dziko limene kale linkapereka mitulo ku Bangkok. Komabe ndi iye amene adalamula kuti mwamuna asagulitse mkazi wake mkaziyo asanavomere, ndi kuti mtsikana wamkulu asakwatiwe mokakamizidwa. Ana ake adawafunira aphunzitsi achizungu, mmodzi wa iwo Anna Leonowens, amene nkhani zake zokometsera zidadzetsa sewero ndi kanema zomuonetsa mfumu ngati munthu woseketsa. Athai amanyansidwa nazo, ndipo ali ndi chifukwa.

Chimene chidamutengera ku imfa ndicho chomwe chidamumangitsa kansanja kaja. Anthu a ku Siam ankakhulupirira kuti kadamsana ndi chilombo chotchedwa Rahu chikumeza dzuwa, ndipo ankaimba ng'oma ndi kuomba mfuti kuti chilavule. Sitiwaseka ayi, pakuti makolo athunso ankaopa mdima wa masana, ndipo Angoni amakumbukabe kuti tsiku limene Zwangendaba adaoloka Zambezi, mu Novembala 1835, dzuwa lidada. Mongkut adafuna kuonetsa anthu ake kuti zakumwamba zimayenda mwa dongosolo lowerengeka, ndiponso kuonetsa Azungu kuti Msiamu atha kuwerenga dongosololo. Kukali zaka ziwiri, adawerengera kuti pa 18 Ogasiti 1868 kudzakhala kadamsana wathunthu, natchula malo pamene adzaonekere bwino: mudzi wa Wa Ko, kumwera kwenikweni kwa Phetchaburi, m'mphepete mwa nyanja yomweyo. Openda nyenyezi a kunyumba yachifumu adakayika.

Adalambulitsa nkhalango, namangitsa misasa yokwanira khamu lalikulu, naitana alendo. Kudabwera Sir Harry Ord, bwanamkubwa wa ku Singapore, ndi akatswiri a zakuthambo ochokera ku France. M'mawa wa tsikulo kudachita mitambo, ndipo mitima idali m'mwamba. Koma nthawi itayandikira mitambo idang'ambika, mwezi udaphimba dzuwa lonse, ndipo mdima udakhala mphindi zoposa zisanu ndi imodzi, monga momwe mfumu idawerengera. Tsiku limenelo lidali la ulemerero wake woposa.

Koma malowo adali a madambo ndi udzudzu. Nthawi imeneyo padalibe munthu wodziwa kuti malungo amadza ndi udzudzu. Kachilombo kake kadapezeka mu 1880, ndipo Ronald Ross adatsimikiza za udzudzu mu 1897. Ndi nthenda yomweyi idapha Episkopi Mackenzie wa Anglican m'chigwa cha Shire mu Januwale 1862. Munthu amene adatha kuwerengera mthunzi wa mwezi kukali zaka ziwiri sadathe kuona mdani wolira pakhutu pake. Atabwerera ku Bangkok, mfumu ndi mwana wake Chulalongkorn adagwa ndi malungo. Mwanayo adachira. Mongkut adamwalira pa 1 Okutobala 1868, atatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 64. Chulalongkorn adalowa ufumu ali ndi zaka 15, ndipo Chuang Bunnag, yemwe uja adayang'anira ntchito ya paphiri, adamugwirizira ufumuwo kufikira 1873. Mwanayu ndiye adadzathetsa ukapolo ndi thangata m'zaka 42 za ufumu wake.

Nyumba ya paphiri idasangalatsa mwini wake zaka zisanu ndi zitatu zokha. Chulalongkorn adaikonzetsa nalandiriramo alendo olemekezeka, koma mtima wake udali ku Bang Pa-In, kumene adamanga nyumba zambiri, pamodzi ndi kachisi wachibuda wooneka ngati tchalitchi cha ku Ulaya, wa mazenera a magalasi amawangamawanga. Mafumu otsatira adatsikira kugombe. Rama VI adamanga nyumba yamatabwa ya Mrigadayavan pafupi ndi Cha-am, ndipo Rama VII adamanga ina ku Hua Hin naitcha Klai Kangwon, ndiko kuti kutali ndi nkhawa. Adali m'nyumba ya dzina lokoma limeneli pa 24 Juni 1932 pamene uthenga udamupeza wakuti asilikali ndi ophunzira alanda boma ku Bangkok, ndipo ufumu wolamula wokha udathera pomwepo.

Phiri la Khao Wang lidasiyidwa zaka zambiri, madenga nkumadontha, apusi nkulowa ufumu. Mu 1979 boma lidaika malowo m'gulu la malo osungidwa a mbiri ya dziko, ndipo nyumba zina zidasanduka zosungiramo zinthu zakale, momwe alendo amaona mipando, mbale ndi ziwiya za mafumu. Kuyambira 1982 Athai amasunga tsiku la 18 Ogasiti monga tsiku la sayansi la dziko lawo. Apusi akalipo ambirimbiri, ndipo amalanda chakudya m'manja mwa alendo okwera njira ya njerwa pakati pa mitengo ya maluwa oyera onunkhira. Pa mutu wa kumadzulo, m'kanyumba ka nsonga zisanu pafupi ndi kansanja ka nyenyezi, mudaimikidwa chifanizo cha Mongkut, ndipo anthu a ku Phetchaburi amakwera kukaikapo maluwa.